Kuseri kwa Katani: Chinsinsi cha Wodwala m'Nkhani Zopeka za M'chipatala

Nkhani yopeka imayenda chifukwa anthu a m'nkhaniyo sadziwa zinthu mofanana: mpangankhani wina amasunga mumtima chimene mnzake akuchifunafuna, ndipo wowerenga amaima pakati pawo, pena akudziwa zambiri kuposa onse awiri, pena akupapasa mumdima pamodzi nawo. Ndi malo ochepa amene kusiyana kumeneku kumakula msanga ngati m'chipinda cha odwala mwadzidzidzi, kumene amafikira ochita ngozi, obayidwa, okomoka ndi onse amene matenda awagwera osagogoda, pakuti m'menemo munthu amavulidwa ndi kupimidwa ndi anthu achilendo m'mphindi zochepa pamene abale ake ali panja osadziwa ngati akupumabe. Malamulo oteteza chinsinsi cha wodwala ndi amene amagamula kuti ndani amve chiyani, kwa yani ndiponso liti, kotero mlembi amene amawaona ngati chopinga chongotopetsa, kapena amene sanawaphunzire n'komwe, amataya chipangizo chimene chikanamugawira zodziwa ndi zosadziwa pakati pa ampangankhani ake popanda iye kukakamiza chilichonse.

Zambiri mwa nkhani za mtundu umenewu, m'mabuku ngakhalenso pa wailesi yakanema, zimachokera ku United States, ndipo kumeneko lamulo lotchuka pa nkhaniyi ndi la HIPAA, limene Pulezidenti Bill Clinton analisainira mu 1996. Cholinga chake choyamba chinali choti munthu asataye inshulansi ya zaumoyo akasintha ntchito, ndipo gawo lokhudza chinsinsi cha wodwala, limene unduna wa zaumoyo wa dzikolo unalikonza pambuyo pake, linayamba kumanga zipatala mu April 2003. Lamuloli limakhudza zipatala, madokotala, anamwino, makampani a inshulansi ndi makampani ena ogwira ntchito m'malo mwawo, koma silimanga pakamwa mnansi, mtolankhani kapena wodwala wa pa bedi loyandikana, amene angathe kunena chilichonse chimene wamva. Zaka zimenezi n'zofunika kwa mlembi chifukwa nkhani yochitika mu 1995 siingakhale ndi namwino wotchula lamulo limene kunalibe, ngakhale kuti udindo wosunga chinsinsi ndi wakale kwambiri, popeza ulimo kale m'lumbiro la Hippocrates ndi m'malamulo a zigawo za dzikolo. Sewero la ER, limene Michael Crichton analiyambitsa ndipo linaonetsedwa pa NBC kuchokera mu 1994 mpaka mu 2009, linadutsa m'nyengo zonse ziwiri, ndipo imodzi mwa nkhani zake zolimba za zaka zoyambirira, ya Jeanie Boulet, wogwira ntchito m'chipatalamo amene anapezeka ndi kachilombo ka HIV, inamangidwa pa funso la amene mwa anzake a pantchito anali ndi ufulu wodziwa.

Alembi amalakwitsa m'njira ziwiri zotsutsana. Yoyamba ndi yakale: dokotala amatulukira m'chipinda chodikirira, amaitana dzina la banja, ndipo aliyense amene wanyamuka pampando amauzidwa zonse pamaso pa khamu, kapenanso wapolisi wofufuza milandu amatsamira pa tebulo la anamwino n'kuyamba kutembenuza masamba a fayilo ya wodwala ngati nyuzipepala. Yachiwiri inabwera lamulolo litatchuka, ndipo imaoneka ngati yanzeru pamene ndi yosokeretsa chimodzimodzi: namwino amasanduka khoma, amakana kuuza mayi ngati mwamuna wake ali moyo, n'kumabwereza dzina la lamulo mpaka mayiyo atakwiya. Cholakwa chachiwirichi ndi choipa kwambiri pa luso, chifukwa chimachotsa mwa namwino nzeru yosankha n'kumusandutsa chitseko chokhoma, pamene lamulo lenilenilo linasiya mpata waukulu woti wogwira ntchito aweruze yekha. Chipatala chimaloledwa kuuza wachibale, bwenzi kapena munthu wina aliyense amene akusamalira wodwalayo zinthu zokhudza gawo lake pa chisamalirocho, malinga ngati wodwalayo wavomera kapena wapatsidwa mpata wokana koma sanakane. Ngati wakomoka, dokotala ndi amene amaganiza chimene chingamuthandize wodwalayo, ndipo palibe pamene lamulolo limalamula kuti mkazi aonetse chikalata cha ukwati asanauzidwe kuti mwamuna wake wapita naye ku opaleshoni.

Kufunika kwa zimenezi kumaoneka bwino pa foni ya pa tebulo lolandirira anthu. Chipatala chimasunga mndandanda wa odwala amene ali m'menemo, ndipo munthu woimba foni amene watchula dzina la wodwala angathe kuuzidwa kuti wodwalayo alipo, ali m'chipinda chakuti, ndiponso mmene alili mwachidule, kaya ali bwino, ali pakatikati kapena ali kayakaya, popanda kutchula matenda ake. Koma wodwalayo ali ndi ufulu wokana kulembedwa pa mndandandawo, ndipo akatero, wolandira foni amayankha kuti alibe chimene anganene chokhudza munthu wa dzina limenelo. Mlembi amene akudziwa zimenezi ali ndi chochitika chathunthu m'manja mwake: bambo amene waona ndi maso ake ambulansi ikunyamula mwana wake wamkazi wa zaka 24 akumva kuti chipatalacho chilibe chonena, ndipo ayenera kuzindikira yekha, wolandira foni asanawonjezere liwu, kuti mwanayo ali moyo, akutha kulankhula, ndipo wasankha kuti bambo ake asamupeze. Palibe amene wanama, palibe amene wachita nkhanza, koma ubale wa zaka zambiri waonekera m'yankho limodzi la mu ofesi.

Pambali pa bedi, lamulolo limaoneka m'timachitidwe ting'onoting'ono timene mlembi wosayang'anitsitsa amatidumpha. Dokotala amene wabwera ndi zotsatira za magazi amayamba wayang'ana munthu amene wakhala pampando, kenako amatembenukira kwa wodwalayo n'kufunsa kuti, “Kodi ndinganene zonse awa ali pompano, kapena ayambe atuluka kaye?” Funso limeneli ndi lalifupi koma limaika wodwalayo pa mayeso, chifukwa kuuza mayi ake kapena mkazi wake kuti atuluke n'kuulula kale kuti pali chobisika, ndipo kuwalola kukhala n'kuvomera kuti amve chimene iye mwini sanachimve. Anamwino odziwa ntchito amazindikira kuti wodwala woopsezedwa sangayankhe moona pamaso pa womuopsezayo, choncho akaona mayi wothyoka mkono amene mwamuna wake akumuyankhira mafunso onse, amapeza chifukwa wamba chomutulutsira, monga kukapereka mkodzo woyeza kapena kukajambulidwa mafupa kumene operekeza saloledwa, ndipo ndi kumeneko, chitseko chitatsekedwa, kumene amamufunsa motsitsa mawu ngati ali wotetezeka kunyumba. Chochitika chotere chikalembedwa bwino, wowerenga amamva mantha a mayiyo popanda aliyense kukweza mawu, ndipo amaona luntha la namwino m'zochita zake mfotokozankhani asanamuyamikire.

Ubale wa chipatala ndi apolisi ndi pamene nkhani zaupandu zimapunthwa kawirikawiri. M'zigawo zambiri za United States, chipatala chimalamulidwa kudziwitsa apolisi za munthu wobwera ndi bala la mfuti, ndipo nkhanza zochitira ana ziyenera kunenedwa kwa akuluakulu m'zigawo zonse. Wapolisi amene akufunafuna woganiziridwa mlandu, mboni kapena munthu wosowa angathe kupatsidwa zinthu zowerengeka, monga dzina, keyala, tsiku lobadwa, gulu la magazi, mtundu wa bala, nthawi imene analandira chithandizo ndi maonekedwe a thupi, koma fayilo yonse kapena magazi enieniwo zimafuna chikalata cha khoti kapena chilolezo cha mwiniwake. Kuti malire amenewa ndi enieni zinaoneka ku Salt Lake City mu July 2017, pamene namwino Alex Wubbels wa pa University of Utah Hospital anakana kuti wapolisi atenge magazi a dalaivala wokomoka amene anapsa pa ngozi ya pamsewu, ponena kuti wodwalayo sanali womangidwa, sanapereke chilolezo, ndipo panalibe chikalata cha khoti. Wapolisiyo anamumanga unyolo n'kumukokera kugalimoto, kamera ya pachifuwa ya apolisi inajambula zonse, ndipo pambuyo pake mzindawo pamodzi ndi yunivesite anamupatsa namwinoyo chipukuta misozi cha madola 500,000. Ngakhale kuti mkanganowo unakhudza kwambiri chilolezo cha wodwala ndi malire a mphamvu za apolisi kusiyana ndi HIPAA yeniyeniyo, ukuonetsa chimene mlembi ayenera kuchigwira, kuti pakhomo la chipindacho pamakumana maudindo awiri amene onse ali ndi chifukwa chomveka, ndipo munthu wogona pabediyo sangathe kudzilankhulira.

Komabe chithunzi chimene chingangotsata lamulo ndime ndi ndime chingakhalenso chabodza, chifukwa chipinda cha odwala mwadzidzidzi sichinamangidwe mosunga chinsinsi. Mabedi ambiri amalekanitsidwa ndi katani chabe, amene amatchinga maso koma osati makutu, ndipo opanga lamulo anavomereza zimenezi ponena kuti kumveka kwa mawu mwangozi si mlandu ngati ogwira ntchito achita zotheka, monga kutsitsa mawu ndi kutembenuza kompyuta kuti odutsa asawerenge. Lamulo lina la mu 1986, lotchedwa EMTALA, limakakamiza zipatala zolandira ndalama za boma za Medicare kupima ndi kuthandiza aliyense wofika mwadzidzidzi kaya ali ndi ndalama kaya alibe, ndipo mawodi akadzaza, odwala amagonekedwa pa machira mumpita kwa maola ambiri, kumene dokotala amafunsa za mowa, za pakati kapena za maganizo ofuna kudzipha anthu akudutsa. Sewero la The Pitt, limene linayamba mu January 2025 ndipo chigawo chake choyamba chimatsata maola 15 a ntchito ya tsiku limodzi m'chipatala chopeka cha ku Pittsburgh, ola limodzi pa gawo lililonse, linakhulupirika kwa madokotala ambiri chifukwa linaonetsa kupanikizana kumeneku mosabisa. Choonadi cha chithunzi cha m'chipindachi chili pa mpata umene uli pakati pa chimene lamulo likufuna ndi chimene chipindacho chingathe kupereka, ndipo ogwira ntchito abwino amadziwika ndi mmene amavutikira kuchepetsa mpatawo: kukoka katani mpaka kumapeto, kugwada pafupi ndi khutu la wodwala, kapena kusaka kachipinda kokhala ndi chitseko asananene za imfa.

Apa ndi pamene buku limaposa kanema. Kamera ya ER inatchuka ndi kuyenda mosadukiza kuchokera pa bedi lina kupita pa lina, kudutsa makatani ndi zitseko, ndipo liwiro limeneli linapatsa woonera diso loona zonse limene palibe munthu m'chipatala ali nalo, kotero kuti chinsinsi chinaleka kumveka kulemera kwake popeza kwa woonerayo panalibe chobisika. Mlembi wa buku angathe kusankha kaonedwe kopapatiza, ndiko kuti kufotokoza nkhani kudzera m'maso ndi m'makutu a mpangankhani mmodzi yekha, ndipo kusankha kumeneku kumabwezera katani mphamvu yake. Nkhalamba imene yagona kudikira zotsatira zake imamva kuseri kwa nsalu mawu a mnyamata amene sikumuona, imamva dokotala akutchula chotupa cha m'mutu, kenako imamva mnyamatayo akupempha kuti amayi ake asauzidwe lero, ndipo patapita kanthawi imaona nsapato za mayi wina zikulowa pansi pa katani, n'kumva mawu ake akuseka pofotokoza za kuchuluka kwa magalimoto pamsewu. Nkhalambayo siimangidwa ndi lamulo lililonse, ingathe kulankhula kapena kukhala chete, ndipo wowerenga amasenza nayo limodzi chinthu chimene sichinali chake kuti achimve. Wokolopa pansi, womasulira chilankhulo ndi wokankha machira nawonso ndi maso abwino a nkhani pa chifukwa chomwechi, pakuti amamva zidutswa zokha ndipo amayenera kulumikiza okha.

Mlembi wa Chichewa amene wazolowera masewero amenewa ayenera kusamala kuti asasamutse lamulo la ku America n'kuliika m'kamwa mwa namwino wa ku Blantyre kapena ku Chipata. Ku Malawi ufulu wa chinsinsi uli m'ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko ndiponso m'malamulo a ntchito ya udokotala ndi unamwino, koma kayendedwe ka zodziwa ndi kosiyana, chifukwa wodwala amayenda ndi kabuku kake ka kuchipatala kamene wachibale angathe kukatsegula kunyumba, ndipo wodwazika matenda, amene amamuphikira, kumusambitsa ndi kugona pafupi naye, amakhala pakati penipeni pa chisamaliro, kotero kuti funso la amene angamve limakhala lolimba mwa njira ina.

Zonsezi sizikutanthauza kuti ampangankhani asamaswe lamulo. Anthu enieni amaliswa, ndipo nkhani imene aliyense amachita zoyenera siikhala ndi moyo. Chofunika n'chakuti kuswako kukhale ndi mtengo wake, ndipo mlembi adziwe mmene kumagwidwira. Mafayilo a masiku ano ali m'kompyuta zimene zimalemba dzina la aliyense amene watsegula fayilo ndi nthawi imene watsegulira, kotero kuti namwino amene wasuzumira zotsatira za mlamu wake amasiya phazi limene ofufuza angathe kulipeza ngakhale patapita miyezi. Mu 2007, George Clooney, amene anatchuka ndi sewero la ER lomwelo, atavulala pa ngozi ya njinga yamoto ku New Jersey, ogwira ntchito oposa 20 pa chipatala chimene anakalandirako chithandizo anaimitsidwa ntchito kwa mwezi chifukwa chotsegula fayilo yake popanda chifukwa cha ntchito, ndipo mu 2011 zipatala za UCLA ku Los Angeles zinalipira boma madola 865,500 pa nkhani yosuzumira mafayilo a anthu otchuka. Sewero la House, mmene madokotala amathyola nyumba za odwala kukasaka gwero la matenda n'kubwerera kuntchito mawa lake, limakhululukidwa chifukwa ndi nthano ya wofufuza milandu yovala malaya a udokotala, koma nkhani imene ikudzitcha yoona siingabwereke ufulu umenewo. Dokotala amene waimbira foni mkazi wa wodwala kumuuza chimene mwamunayo anakana kuti chinenedwe angakhale kuti wachita chinthu chimene wowerenga akugwirizana nacho, koma mphamvu ya chochitikacho imachokera pa kudziwa kwake kuti waika ntchito yake pachiswe ndiponso kuti walanda wodwalayo chinthu chimene sangamubwezere.

Funso lomaliza limatembenukira kwa mlembi mwiniwake, pakuti kulemba za m'chipinda chimenechi n'kutsegula katani kuti anthu ambirimbiri aone. Mu 2011 bambo wina wa zaka 83 anagundidwa ndi galimoto yonyamula zinyalala ku New York n'kumwalira pa chipatala cha NewYork-Presbyterian, ojambula pulogalamu ya ABC yotchedwa NY Med ali m'chipindamo popanda chilolezo chake kapena cha banja lake. Chaka chotsatira mkazi wake, akuonera wailesi yakanema kunyumba, anazindikira mawu a mwamuna wake ngakhale kuti nkhope inali itaphimbidwa ndipo dzina silinatchulidwe, n'kuonerera imfa imene sanaione pa tsikulo. Mu 2016 chipatalacho chinalipira boma madola 2.2 miliyoni, ndipo mu 2018 zipatala zitatu za ku Boston zinalipira pamodzi madola 999,000 pa nkhani yofanana nayo yolola ojambula kulowa odwala asanavomere. Nkhani yopeka ili ndi mwayi umene pulogalamu yojambula zenizeni ilibe, chifukwa wodwala wopeka ndi yekhayo amene angavulidwe, kulira ndi kufa pamaso pa dziko popanda wina kupwetekeka, ndipo n'chifukwa chake nthano ingathe kuyandikira pabedi kwambiri kuposa kamera ya mtolankhani.

Mwayi umenewu umatha pamene wolembayo ndi dokotala kapena namwino amene akutenga nkhani ku ntchito yake, monga anachitira Oliver Sacks m'mabuku ake a odwala ubongo, kapena Adam Kay wa ku Britain m'buku lake la mu 2017 la This Is Going to Hurt, pakuti udindo wake kwa wodwala sutha pamene wavula malaya a ntchito, ndipo ku United States chitetezo cha lamulo chimapitirira zaka 50 munthu atamwalira. Malamulo a HIPAA amatchula zizindikiro 18 zimene ziyenera kuchotsedwa kuti munthu asadziwike, kuphatikizapo dzina, masiku, malo ocheperapo kuposa chigawo cha dziko, manambala a foni ndi zithunzi za nkhope, koma nkhani ya ku New York ija ikuonetsa kuti mndandanda wotere sukwanira pa ntchito yolemba, chifukwa chimene chimakopa mlembi, monga ngozi yachilendo, mawu amene wodwala ananena kapena chimene mwana wake anachita pambali pa bedi, ndi chomwecho chimene banja ndi anansi amachizindikira msanga. Alembi osamala amasintha zaka, ntchito, mzinda ngakhalenso matenda enieniwo, amaphatikiza odwala angapo kukhala mpangankhani mmodzi, ndipo pamene chochitikacho sichingasinthike popanda kutaya tanthauzo lake, amapita kwa wodwalayo kapena kwa banja lake ndi zimene alembazo kuti aziwerenge ndi kupereka chilolezo cholembedwa, monga momwe magazini a zachipatala amafunira asanasindikize nkhani ya wodwala amene angathe kuzindikirika.